Zikuluzikulu Pamwamba pa Ndowa

Kuchokera pa Lizulu kukafika pa Kampepuza panalibe munthu, wamwamuna kapena wamkazi, woti n'kundiposa pa kunenerera. Ndikamagula, wogulitsa ankatsala akudzifunsa ngati wagulitsadi kapena wapereka chopereka cha kutchalitchi. Ndikamagulitsa, wogula ankandithokoza mpaka kundiwombera m'manja, n'kukazindikira ali pa Zalewa kuti ndamudyera masuku pamutu. Pa Nsipe ankanditcha Lasiti, poti mtengo womaliza unkachokera pakamwa panga. Ndinkanena poyera kuti wondigonjetsa ine pa malonda sanabadwe, ndipo mayi ake sanakwatiwebe.

Sekani, musabise mano. Ndabwera ndikudziwa kuti museka.

Dzina langa lenileni ndine Fabiano Ngozo. Mayi Nasibeko, eni ake a Mabuku a Mphanje, atandiuza kuti ndidzalankhulepo pa chikondwerero chino cha zaka khumi, ndinawafunsa kuti, "Ndikanene za zikwangwani kapena za bere?" Iwo anati, "Za bere, a Ngozo. Zikwangwani aliyense amaziona pamsewu." Ndiye inu oimba, inu alembi, inu osema ndi anzanga ojambula, makamaka inu mwakhala kumbuyoko amene mpweya wanu ndaumva pakhomo kuti sunachokere ku tiyi, tcherani khutu. Mpando umenewo ndinaukhalapo.

Ntchito ndinali nazo ziwiri. Yoyamba inali yogulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu. Yachiwiri inali yolemba zikwangwani: nkhuku za pa malesitilanti, mitu ya pa malo ometera, nsomba za pa magolosale. Dzanja ndinali nalo, zimenezo ngakhale adani anga sakana. Ndinkajambula tambala woti nkhuku yaikazi n'kuima kumuyang'ana.

Koma sukulu yanga yeniyeni inali ndowa. Amene simunagulitsepo pamsewu mvetserani. Pansi pa ndowa timaika timbatata tating'ono, totemeka ndi khasu, toyamba kuola. Pamwamba timasanja zikuluzikulu, zosalala, zopukutidwa bwino. Koma nzeru si kusanjako ayi, kusanja ngakhale mwana atha. Nzeru ndi nthawi. Sumathamangira basi ikangoima. Umadikira dalaivala aponde mafuta, kondakitala amenye chitseko, ndiye umafika pawindo. Munthu amene basi ikumuthawa sakhuthula ndowa. Amaona nkhope yokha, n'kulipira, iwe n'kuthira m'thumba mwamsanga, n'kumanga pakamwa. Akakatsegula kwawo, ine ndili pa Nsipe ndikumwa tiyi wamkaka.

Nthawi imeneyo Mphanje inali ndi zaka zinayi zokha. Inali kachipinda kamodzi kuseri kwa golosale ya Che Amidu pa boma, tebulo limodzi, kompyuta yofuna kuinyengerera, ndi mayiwa, amene anali atangopuma uphunzitsi ku Nzama. Makampani akuluakulu a m'tauni munthu wa ku Ntcheu akawapititsira zolemba ankamuuza kuti abwere mawa mpaka imvi. Mayi Nasibeko ankalandira ngakhale zolembedwa m'kope la mwana wasukulu. Ankakhala nawe pansi, kukonza nawe chiganizo ndi chiganizo, ndipo wojambula ankamulipira ngati munthu, osati kumuuza kuti malipiro ake ndi kutchuka.

Tsiku lina anandiitanitsa. M'kachipindamo ndinapeza mkulu wina wamtali, wouma ngati mtengo wa tsanya, atakumbatira jumbo ya shuga. M'jumbomo munali makope asanu.

"Awa ndi a Jailosi Nyoni a ku Champiti," anatero mayiwa. "Moyo wawo wonse akhala akuphunzitsa ng'ombe goli. Alemba zonse: kusankha thole, kulizoloweza chingwe, kusema goli, kukoka pulawo ndi ngolo. Koma alimi ambiri owerenga bukuli adzadalira zithunzi kuposa mawu. Tikufuna zithunzi makumi atatu."

Mkuluyo anandiyang'ana m'manja, osati kumaso. "Ng'ombe mumazidziwa, achimwene?"

"Madala, ine ng'ombe ndimazijambula nditatsinzina."

"Ndiye vuto limenelo," anatero. "Mukabwere kwathu mudzazione mutatsegula maso."

Tinaseka tonse, kupatula iwo.

Pa mtengo ndinawapanikiza mayiwa mpaka thukuta. Ndinadandaula za kukwera kwa inki, za ana, za msana. Ndinaimirira kawiri ngati ndikupita. Potsiriza anavomera zonse, ndiponso anavomera kundilipiriratu ntchito isanathe. Ndikutuluka, Che Amidu anandiitana ali pa kauntala. "A Lasiti, mayiwa si basi yodutsa. Mawa mudzawapeza pomwepa." Ndinawayankha kuti agulitse sopo wawo. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Ku Champiti ndinapitako tsiku limodzi lokha. A Nyoni anatulutsa ng'ombe zawo ziwiri zofula, Bulaki ndi Kapiteni, ndipo ndinakhala pa chitsa n'kujambula zithunzi zisanu ndi chimodzi. Zimenezo, anzanga, zinali zithunzi. Mumakhoza kumva fungo la m'khola. Mkuluyo anaziyang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Mubwerenso Lolemba, tikamange goli."

Lolemba limenelo linandipeza pa malo omwera mowa, thumba likadali lofunda. Champiti ndi kutali, fumbi, ndipo ng'ombe ndi ng'ombe basi: miyendo inayi, nyanga ziwiri. Zithunzi zotsalazo ndinazijambula masana awiri, pa tebulo la m'bala, botolo likupsinja pepala kuti lisauluke. Goli ndinaliika pamene ndinaona kuti likukongola. Ng'ombe itandivuta kuikumbukira, ndinabwereka chitini cha mkaka waufa n'kukopera imene inali pamenepo, yonse mmene inalili.

Ndiye ndinasanja ndowa yanga. Zisanu ndi chimodzi zija pamwamba, zinyalala pansi, zonse m'envulopu. Ndinadziwa tsiku limene mayiwa amapita ku Blantyre kwa amakina osindikiza. Anandiimbira katatu sabata imeneyo kuti ndibweretse ku ofesi, ine n'kumati inki sinaume. Ndinawauza kuti ndidzawapatsira pa Nsipe. Minibasi inaima, ine ndinabisala kuseri kwa matumba. Dalaivala ataponda mafuta ndinatulukira pawindo, wefuwefu ngati ndathamanga. Mayiwa anasolola zapamwambazo, nkhope yawo inawala. "Mulungu akudalitseni, a Ngozo!" Minibasi inanyamuka.

Ku Blantyre anangofika n'kulandira uthenga wa maliro a mlongo wawo. Anasiya envulopu kwa amakina, manambala a masamba ali kuseri kwa chithunzi chilichonse, n'kubwerera. Anyamata a m'tauni ng'ombe amaidziwira m'mbale. Anasindikiza mmene zinalili. Makatoni anafika m'mawa wa tsiku lokhazikitsa bukulo, osatsegula, molunjika ku Champiti.

Ine ndinapitako nditavala jekete yobwereka, kukalandira m'manja. Mumtima ndinkati anthu akumudzi akaona dzina la mnzawo pa buku, zithunzi sadzaziyang'anitsitsa. Pabwalo panadzaza alimi, ena atabwera pa ngolo. Amayi anaimba, a Nyoni anavala chikopa paphewa ngati tsiku la ngoma. Mabuku anagawidwa. Kunakhala kachetechete wa anthu otembenuza masamba. Kenako mlimi wina wa pakamwa, dzina lake Gelesomu, anaimirira buku lili m'mwamba.

"A Nyoni! Tatiuzani, Bulaki wanu munayamba liti kumukama?"

Pa tsamba limenelo panali ng'ombe yapagoli, ikukoka pulawo, ili ndi bere lalikulu ngati la pa chitini cha mkaka, poti linali lomwelo. Phwete linayambira kumbuyo n'kufalikira ngati moto wa lupsa. Wina anakuwa kuti goli lili pamsana. Wina anapeza tcheni chomangidwa ku nyanga. Amayi ena anagwa pansi n'kuseka.

A Nyoni anatsegula buku lawo, n'kutembenuza tsamba, n'kutembenuzanso lina. Sanakweze mawu. Anangoti, "Ine sindinanene choncho." Anabwereza kachiwiri, koma palibe amene anamva. Anavula chikopa chija, n'kuchipinda, n'kuyamba ulendo wa kwawo okha.

Ine ndinazemba kudzera kuseri kwa chimbudzi. Tsiku limenelo linali loyamba m'moyo wanga kukwera kabaza osanenerera.

Kutsetsereka kwake sikunatenge nthawi, ndiye inenso sindichedwapo. Mayi Nasibeko anayenda khomo ndi khomo kutolera mabuku aja kuti wina asapweteke nawo ng'ombe. Anagulitsa njinga yamoto imene malemu amuna awo anawasiyira. Mphanje inakhala chaka chathunthu osatulutsa kanthu. Pali ena muno amene ndakatulo zawo zinagona m'kabati chaka chimenecho chifukwa cha ine, ndipo mwachita bwino kusandiponya mpando.

Pa Nsipe dzina la Lasiti linafa. Ndinasanduka a Bere. Ndikamadutsa, ogulitsa anzanga ankalira ngati ng'ombe. Eni masitolo anasiya kundiitana, wina mpaka anapaka laimu pa tambala wanga. Mowa wa m'botolo utandikana, ndinatsikira ku kachasu. Ndinkayamba m'mawa kuti dzanja lisanjenjemere, n'kupitiriza masana kuti ndisamve kulira kwa ng'ombe kuja. Ndinagulitsa mabulashi. Ndinagulitsa jekete ya mwini wake ija. Ndinali pa chikamwini, ndipo mkamwini wopanda phindu ndi chitsa cha pakati pa munda. Tsiku lina ndinapeza amalume a mkazi wanga atakhala pakhonde, chikwama changa chili pamapazi awo. Mkazi wanga Nambewe sanatuluke. Mwana wanga wamkazi anandisuzumira pawindo, wina n'kumukoka.

Ndinakakhala m'khumbi losungiramo mbatata, kuseri kwa msika. Njala ndinaipirira, nsikidzi ndinazizolowera. Chimene chinandidya ndi china, ndipo sindidziwa ngati mundimvetsa. Munthu wa malonda amakhala ndi moyo chifukwa cha wom'tsutsa. "Mwadulitsa!" "Tsitsani!" "Onjezani pulayizi!" Mawu amenewo ndi moni wathu, ndi chibale chathu. Ine anthu anasiya kunditsutsa. Anzanga anasunthira ndowa zawo kutali, pakati pa ine ndi iwo panatsala malo oti ngolo n'kudutsa. Odziwa nkhani ankalambalala. Alendo ankayang'ana maso anga ofiira n'kutseka windo. Panapita masabata osamva munthu akunditchula, ngakhale monyoza, poti nthabwala ya bere nayonso inatha mchere. Ndinafika pomanenerera ndekha m'khumbimo, ine wogula ine ndemwe wogulitsa. Ndipo ndikuuzeni zoona, ndinkaluzabe.

Tsopano ndichepetse liwiro, poti tafika pamene ndimafuna.

Unali mwezi wa Juni, Lachinayi, m'mawa wa mphepo ija imatsika m'mapiri n'kulowa m'mafupa. Ndinali nditakhala pa mwala ndi ndowa imodzi, yosanjidwa mwa nthawi zonse, poti dzanja likazolowera kuba limaba lokha. Minibasi inaima. Munatsika mayi wa duku lakuda, chikwama chili kukhwapa. Kondakitala anawafunsa ngati akwerenso, iwo anakupiza dzanja kuti azipita. Minibasi inanyamuka n'kuwasiya.

Anzanga, pamsewu palibe choopsa kuposa wogula amene walola basi kupita.

Anadutsa ndowa zonse zokongola, n'kuwoloka malo opanda munthu aja, n'kuima patsogolo panga. Nsapato ndinazizindikira ndisanakweze mutu.

"Mwadzuka bwanji, a Ngozo?"

Panali patatha chaka chathunthu munthu asananditchule choncho. Ndinayankha ndikuyang'ana fumbi.

"Ndowayi ndi zingati?"

Pakamwa panga panatchula mtengo wa alendo, wokwera kawiri, ine mwini ndisanaganize. Ndinadikira kuti akuwe. Ndinkalakalaka atakuwa, atanditukwana, atanenerera, chilichonse. Iwo anamasula kansalu n'kundipatsa zonse, osachotsapo ngakhale kakobiri. Ndalama imeneyo inandiotcha m'manja ngati khala.

Kenako anavula chitenje chapamwamba n'kuchiyala pansi. Ananyamula ndowa n'kuikhuthula yonse.

Msika wonse unaima. Mayi wamkulu, mphunzitsi wopuma, anagwada pafumbi n'kuyamba kusankha mbatata imodziimodzi, mosafulumira. Zabwino kudzanja lamanja. Zotemeka, zobiriwira, zoola kumanzere. Mulu wakumanzere unkangokula. Fungo la zoola linakwera. Ine ndinkafuna nthaka itang'ambika, koma nthaka ya pa Nsipe ndi youma.

Atamaliza anatsegula chikwama n'kutulutsa mapepala. Zinali zithunzi zisanu ndi chimodzi zija, Bulaki ndi Kapiteni, zosungidwa bwino m'pulasitiki. Anaziika pa kamulu ka zabwino kaja.

"Inenso ndinalakwa," anatero. "Ndinabadwira kuno, ndowa ndimaidziwa, koma sindinakhuthule. Mlandu umenewo ndi wanga, ndaulipira. Sindinabwere kudzakukhululukirani ayi, musandiyang'ane choncho. Ndayenda Dedza, ndayenda Balaka, ndasowa wina wodziwa kujambula bondo la ng'ombe. Munthu amene anajambula izi ndikumufuna. Amene anajambula zinazo mumusiye pamwala pomwepa."

"Mayi, dzanja linatha," ndinatero, n'kulitambasula kuti aone mmene linkanjenjemerera.

"Ndaona. Mvetserani. A Nyoni maso akupita. Kuchipatala anena kuti si ng'ala yoti n'kupala. Chiyambire tsiku lija sapita kumsika, sapita ku ngoma, kutchalitchi amakhala pakhomo. Achinyamata akawaona amafunsa za mkaka. Sabata yatha anditumizira uthenga kuti akufuna aone buku lawo lili lolondola asanalowe mumdima. Mvula ikamadzagwa mwina sadzaonanso. Mupita kapena simupita?"

Ndiye tamverani chimene Lasiti anayankha, pa nthawi yopatulika ngati imeneyo. Pakamwa panatseguka pokha: "Mundipatsa zingati?"

Mayiwa anaseka mpaka kupukuta misozi ndi ngodya ya duku. "Tchulani nokha, a Lasiti."

Ndinatsegula pakamwa. Ine amene ndinkatchula mtengo wa mbuzi ya mwini ili m'khola, ndinafunafuna nambala m'mutu monse, osapeza ngakhale imodzi. Munthu akakuuza kuti udzitchulire wekha mtengo, zoola zako zili poyera pa chitenje, umazindikira kuti sudziwa ngati uli ndi mtengo n'komwe. Mayiwa anatola zabwino zija n'kumanga m'chitenje. Zoola anandisiyira.

Loweruka ndinafika ku Champiti wapansi.

A Nyoni sanandipatse moni kapena mpando. Analowa m'khola n'kutuluka ndi goli. "Weramani." Ndinawerama. Analigwetsera pakhosi panga, n'kulowetsa zikeyi, timitengo tija timatsika uku ndi uku kwa khosi, n'kumanga chingwe kunsi kwa chibwano.

"Lakhala pati?"

"Pakhosi, madala."

"Tsopano likankhireni pamsana, pamene munaliika inu. Kokani."

Ndinakoka. Msana unalira.

"Kundiseka anthu si kanthu," anatero. "Koma akanapezeka mnyamata wopanda atate, wogula ng'ombe zake zoyamba, n'kukhulupirira chithunzi chanu chifukwa pachikuto pali dzina langa. Ng'ombe sinena kuti ndikupweteka. Imangokoka mpaka chilonda."

Amenewo anali mawu ambiri kuposa onse amene anandilankhula mwezi wotsatirawo. Akazi awo anamwalira kalekale, ana ali ku Joni. Tinkakhala amuna awiri pakhomo lopanda mawu, wina atakwiya, wina ali ndi manyazi, tikudya moyang'ana kosiyana. Sabata yoyamba thupi linkafuna kachasu mpaka mano kugwedezeka. Mizere yanga inkaoneka ngati papalasa nkhuku. Ankangondiikira chikho cha thobwa pambali n'kuchoka. Ndinkadzuka mbandakucha kutulutsa ng'ombe, kumanga goli, kumasula, kumanganso. Ananena kuti chimene dzanja langa silinachite lisachijambule.

Lamulo la Mayi Nasibeko linali lakuti chithunzi chilichonse chifike ku ofesi chili ndi chala cha a Nyoni kuseri. Ankapaka chala chachikulu mwaye wa pa mphika n'kudinda. Koma chisanadindidwe, mayo! Chimodzi anachikana kasanu chifukwa cha mchira. Ndinayesa kunenerera. "Madala, mchira ndi mchira, landirani, chotsatiracho ndikuikirani pulayizi." Anangong'amba.

Ndinkaona pepala likuyandikira mphuno yawo sabata ndi sabata. Mu Ogasiti ankaliona atatambasula mkono. Mu Okutobala ankatuluka nalo padzuwa n'kumaliyendetsa pafupi ndi diso lamanzere ngati akulinunkhiza.

Chithunzi chomaliza chinali cha ng'ombe ziwiri pa ngolo, zonse zitamangidwa. Ndinachimaliza mitambo ya mvula itayamba kusonkhana, mayiwa atatumiza kale uthenga kuti amakina akudikira. Ndikuchipereka ndinaona cholakwa. Chikeyi chamkati cha Kapiteni ndinachijambula chopanikiza khosi, ndipo tcheni chinakoledwa pambali, osati pakati pa goli. Ng'ombe imodzi ikanasenza katundu wa ziwiri. Kukonza kunafunika kuyambiranso, masiku anayi kapena asanu.

A Nyoni anachiyendetsa pa diso lija. Ndinaona kuti sakuona kanthu, chifukwa anachigwira chozondoka. Anapaka chala mwaye. "Chili bwino," anatero.

Anzanga, dalaivala anali ataponda mafuta. Kondakitala anali atamenya chitseko. Wogula analibe maso okhuthulira ndowa. Moyo wanga wonse ndinaphunzira kudikira mphindi imeneyo, ndipo Lasiti anandinong'oneza kuti ukakhala chete ukuwathandiza, bukulo lifulumira, mwina aonako chikuto.

Ndinawagwira dzanja chala chisanafike papepala.

"Musadinde, madala. Tcheni chili pambali, chikeyi chapanikiza. Kapiteni apweteka."

"Ine sindikuona," anatero. "Mukanangokhala duu, ndani akanadziwa?"

"Kapiteni."

Anapukuta chala chija pa buluku. Kenako anawomba m'manja pang'onopang'ono, mwa kwathu, n'kunena mawu awiri okha: "Zikomo, Ngozo." Kunditchula mfunda, monga amathokozera munthu. Ndinapita kuseri kwa khola ngati ndikukaona thole, poti mwamuna wa pa Nsipe salira pamaso pa anthu.

Amene muli pa mwala umene ndinakhalapo, ndilibe mankhwala, koma nazi zimene ndinachita. Kachasu sindinamusiye ndi pemphero lokha, ngakhale ndinapemphera. Ndinachoka pamene ankandipeza, n'kukakhala pamene kunali ntchito yodzutsa mbandakucha. Ng'ombe sidziwa matsire, ikafuna kutuluka yafuna. Mpaka lero ndikalandira malipiro sindidutsa njira ya kubala, ndimazungulira kuchigayo ngakhale ndi kutali. Nditabwerera pa Nsipe ndinapita kwa mwini jekete uja, ndi kwa onse amene ndinawasiyira ntchito yatheka, osapita ndi nkhani zambiri, kungopita ndi bulashi. Ena anandithamangitsa, ndipo anali ndi ufulu. Ndipo ndowa ndimakhuthula ndekha wogula asanapemphe. Ndikabweretsa zithunzi ku Mphanje ndimaziyala zonse patebulo, chimene ndikuchikayikira ndimachiika pamwamba. Mukaona kuti ntchito yanu mukufuna kuipereka pawindo, mwini wake akuthamanga, dziwani kuti pansi pali zoola.

Bukulo linatuluka mu Febuluwale. A Nyoni anali atalowa kale mumdima. Mwina masiku asanu anga aja sakanasintha kanthu, mwina akanasintha. Koma chaka chathunthu chimene ndinawabera poyamba chija, chimenecho ndiye ndikudziwa.

Tinabwerera pabwalo lomwe lija. A Nyoni ndinawatsogolera ine, dzanja lawo lili paphewa panga, chikopa atavala. Atawaikira buku m'manja analisisita, n'kulinunkhiza, n'kufunsa kuti, "Gelesomu alipo?"

"Ndilipo, madala."

"Bwera kuno. Iwe ndiwe uli ndi maso akuthwa. Tsegula tsamba lija. Bere lilipo?"

Gelesomu anatsegula. Anatembenuza masamba onse mpaka kumapeto, kufunafuna poti agwire. Potsiriza anavula chipewa. "Palibe, madala. Ndi Bulaki weniweni. Mpaka khutu lake long'ambika lija."

"Basi," anatero a Nyoni. "Ndaona."

Anamwalira chaka chotsatira. Bulaki ndi Kapiteni achibale anagulitsa kwa abutchala ndisanamve n'komwe. Akanandiuza, tsiku limenelo ndikananenerera mpaka dzuwa kulowa. Nambewe anakwatiwa ndi mwamuna wina, wosamwa, wokhoma zidebe, ndipo sindingamunenere choipa. Mwana wanga amabwera pa holide. Ndinamva kuti bukulo amalisunga m'chikwama cha kusukulu ngakhale kwawo kulibe ng'ombe. Ndimakhala ndekha m'chipinda cha lendi, ndimaphika ndekha, ndipo madzulo ena ndimapezeka ndaika makapu awiri a thobwa.

Lero Mphanje yakwanitsa zaka khumi. Taonani mabuku ali patebulopo, taonani zithunzi zili pakhoma, taonani mmene mwadzazira muno mpaka Che Amidu abwereketsa mabenchi. Mabuku asanu ndi awiri mwa amenewo zithunzi zake ndi zanga, ndipo mutha kuwakhuthula. Mayiwa njinga yamoto sanagulenso. Abwera pa kabaza, ndipo ndawaona ndi maso angawa akulipira osanenerera. Zaka zonsezi ndalephera kuwaphunzitsa.

Ndiye tiweruzeni, inu odziwa malonda. Ine ndinawagulitsa ndowa ziwiri, ya mapepala ndi ya mbatata, zonse zoola pansi, zonse pa mtengo wanga, ndipo iwo sanatsitse ngakhale kamodzi. Ndinalandira zonse zimene ndinatchula. Iwo anatola zabwino zochepa zija n'kumanga m'chitenje, ndi ine ndemwe momwemo. Pa malonda amenewa, pakati pa Lasiti wa pa Nsipe ndi mayi wosadziwa kunenerera, anapambana ndani?